Chiwongo cha kangaude wa mu una

Ntchito yanga ndi yomasulira mawu, koma madzulo ndimakonda kuyang'ana zithunzi za akangaude okumba una. M'Chichewa onsewa timangoti kangaude, pomwe akatswiri amafuna dzina lenileni la aliyense.

Chithunzi chothandiza ndi choonetsa maso. Akangaude a banja la Lycosidae ali ndi maso 8 m'mizere itatu: anayi aang'ono m'munsi, awiri akuluakulu pakati, ena awiri pamwamba. Ukawaunika ndi tochi usiku, masowo amanyezimira. Wamkazi amakoka thumba la mazira kumbuyo, ndipo mazirawo akaswa amabereka ana kumsana. Una nawonso umapereka umboni: a gulu la Geolycosa, monga a mumchenga wa ku Florida, amakumba cholunjika pansi, ndipo ena amamanga kampanda ka ulusi ndi zinyalala pakhomo.

Chithunzi chimalekezera pamenepa. Chimakuuza chiwongo, ngati kumva kuti mlendo ndi Phiri, koma a Phiri ndi ambiri. Mtundu weniweni umadziwika poyang'ana ziwalo zoberekera za kangaude wokhwima pa maikulosikopu, ndipo kawirikawiri amakhala atafa kale, ali m'botolo la spiriti.

Womasulira aliyense amaidziwa njala yofuna liwu limodzi lotseka nkhani. Komabe pansi pa chithunzi ndimalemba "Lycosidae" n'kusiyira pomwepo. Dzina longoganizira likalowa pa iNaturalist limasocheretsa wofufuza amene akulondola madera omwe mtunduwo umapezeka. Chiwongo choona chimandikwanira, mwini una n'kutsala wamoyo m'dothi lake.