Katupe Akakana

Mwezi wa Okutobala, timitsinje totsikira ku Chia tikaphwa n'kutsala maiwe okhaokha, amalume ankatidzutsa mbandakucha. Tinkasenza matumba a masamba a mthuthu, ena amati ombwe, n'kukawasinja pamwala m'mbali mwa dziwe mpaka atatuluka madzi obiriwira a thovu. Uku ndiye kunali kuthira katupe. Posakhalitsa matemba ankayamba kuzungulira pamwamba ngati oledzera, kenako milamba, mimba zili m'mwamba. Ife ana tinkangowola ndi malichero. Koma chimene chimandibwerera lero ndi zomwe sitinkatola: tiana ta nsomba tonga njere za mpunga, tili mbuu m'mphepete monse, dziwe lili zii mpaka mvula idzagwe.

Masiku ena katupe ankakana. Tisinje bwanji, nsomba zili phee pansi. Pamenepo amalume ankaponya maso kwa anyamata okwatira kumene. "Alipo wabwera wotentha pano." Mlamu wawo wina anasenza mlandu umenewu zaka zingapo, moti ankangotsala kumudzi.

Lamulo la usodzi la 1997 linaletsa kupha nsomba ndi poizoni, ndipo makomiti a m'madoko atayamba kulanda ndi kulipiritsa, katupe anakhala chinthu chochita mobisa. Kudimba nako kunali kutafika timabotolo. Pamsika unkagula mankhwala othiridwa m'kabotolo kopanda dzina, wogulitsa n'kungoti, "Chivindikiro chimodzi pa ndowa." Tinkapopera mpiru titavula malaya, n'kukatsuka mpope mumtsinje womwewo. Ndinatero inenso, ndipo ndinkadziona ngati mlimi wamakono.

Mthuthu unabwerera kudzera kwa alangizi, poyamba ngati mtengo wobwezeretsa chonde, chifukwa ndi wa gulu la nyemba. Za kupha tizilombo zinatsatira pambuyo. Mphamvu yake ili m'timankhwala ta mtundu wa rotenone, timene timalepheretsa nsomba ndi tizilombo kupuma. Vuto n'lakuti timankhwalati sitisungunuka bwino m'madzi. Akatswiri akafuna kutitulutsa m'masamba amagwiritsa ntchito zinthu ngati methanol kapena acetone, zimene ndi zodula, zoyaka msanga, ndipo zina n'zoopsa kuposa mbozi imene ukufuna kupha. Masiku ano ambiri akutembenukira ku zosungunulira zosawononga chilengedwe monga ethanol, yemweyu amene amatchezedwa ku Dwangwa kuchokera ku zotsalira za nzimbe kuyambira 1982. Koma mlimi wa nyemba sangagule zimenezo. Iye ali ndi madzi, ndowa ndi sopo, ndipo ofufuza anapeza kuti kasopo pang'ono kamathandiza madzi kukoka mankhwala ochuluka m'tsamba.

Kwa ife a kondowole zimenezi si zachilendo kwenikweni. Agogo ankaviika chinangwa chowawa masiku atatu kapena anayi kuti madzi atulutse ululu wake. Kusiyana kwake n'kwakuti kuchinangwa timataya madzi n'kusunga chotsala, pamene kumthuthu timasunga madzi.

Mayi a kunyumba ndiwo akatswiri pa ntchitoyi. Masamba amayanika pamthunzi, pakhonde, chifukwa dzuwa limapha mphamvu yake. Akauma amawasinja mumtondo wake wake, wosakhudza chakudya, atamanga kansalu kumphuno poti fumbi lake limayetsemulitsa. Ufawo amauthira m'ndowa, n'kupaliramo sopo pang'ono ndi mpeni, kuvundula, kuvindikira, n'kusiya ugone. Mawa lake amasefa ndi chitenje chakale, kawiri, apo ayi mpope utseka. Kupopera n'kwa madzulo dzuwa litapendeka. Nsabwe za pa nyemba ndi khobwe zimachepa ndithu, ngakhale sizigwa nthawi yomweyo ngati ukapopera mankhwala a m'botolo, ndipo sabata ikatha uyenera kubwereza. Anthu opupuluma amagwa nawo ulesi. Ntchemberezandonda zachilendo zija zitavuta m'chimanga mu 2017 tinayesanso, koma pamenepo sindingauchemerere kwambiri, poti mbozi ikabisala mumtima mwa phesi siimva zambiri.

Zotsala m'chitenje amazikwirira m'dzenje kuseri kwa nkhokwe, ndipo ndowa satsukira kumtsinje. Kuti chinthu n'chochokera ku mtengo sizitanthauza kuti n'chofatsa. Ine ndinaona ndi maso anga zimene tsamba limeneli limachita m'dziwe, ndipo mpasa wokwera mtsinje wa Bua kukaswana wachepa kale mokwanira.

Nkhani imene inandiseketsa ndinaimva mochedwa. Mu 2012, ofufuza a ku Kew ndi a ku yunivesite ya Greenwich ku Britain, pamodzi ndi anzawo a kuno ku Malawi, anafalitsa zimene anapeza pa mtengo umenewu, womwe iwo amautcha Tephrosia vogelii. Ulipo wa mitundu iwiri yofanana ndithu maonekedwe. Wina uli ndi mankhwala aja, wina ulibe. Pa mitengo imene anatola m'minda ya alimi m'dziko muno, pafupifupi umodzi mwa inayi iliyonse unali wopanda mphamvu.

Ndinakwera njinga kukawauza amalume, amene tsopano amangokhala pamkeka kusoka maukonde a adzukulu. Ndinati, "Amalume, katupe uja ankakana chifukwa cha mtengo, osati munthu." Anandimvetsera mpaka kumapeto, singano ili m'manja, kenako anagwedeza mutu.

"Iwe mphwanga, azungu akowo mlamu wanga uja ankamudziwa?"