Galimoto Imene Inali Kukhotera Kumanja

Pa Chalimbana, m'boma la Chongwe, pali mkulu wina amene anapuma nchito ya uphunzitsi ndipo tsopano ndi mlimi wa cimanga ndi matimati. Iwo anafika kumeneko kudzaonjezera maphunziro pa sukulu ya aphunzitsi, ija inayamba mu 1939 imene lero ichedwa Chalimbana University, ndipo atakonda malowo anapempha munda kwa eni nthaka, Asoli, namanga nyumba. Cuma cao cimene anyadira ndico Land Rover ya mtundu wa Series III. Fakitale ya ku Solihull, ku England, inaleka kupanga mtundu umenewu mu 1985, motero galimotoyo iposa msinkhu ana ena a mwini wake.

Galimotoyo ithandiza mudzi wonse. Ndiyo inyamula matimati a anansi kupita nao ku msika wa Chongwe, ndipo mai wapakati akadwala usiku, anthu agogoda pa khomo lomwelo.

Tsiku lina mvula ili kumapeto, mkuluyo anali kutsetsereka kulinga ku mtsinje wa Chalimbana atanyamula amai asanu ndi mabokosi ao, pamene ng'ombe zinatulukira pamseu. Ataponda mabuleki, galimoto inakhotera kumanja monga yakokedwa ndi cingwe, nikaima gudumu limodzi lili m'ngalande. Panalibe wovulala, koma matimati anamwazika, ndipo mai mmodzi anatsika nati kuli bwino atsirize ulendo wapansi.

Manyazi anawagwira mkuluyo. Atamasula gudumu lakumanzere kutsogolo anapeza nsapato za mabuleki, zija zigwira m'kati mwa dilamu, zili zakuda ndi zonyowa mafuta. Anapita ku Lusaka, nagula zatsopano, napukuta dilamu, namanga. Patapita milungu itatu nthenda inabwerera. Munthu wina anawalangiza kutsuka nsapatozo ndi petulo ndi kuziwamba pamoto. Nzeru imeneyi njofala m'midzi, koma inyenga: mafuta amene alowa m'kati mwa nsapato atulukanso buleki ikatentha. Anayenda bwino masiku awiri cabe.

Pamenepo anaitana mwana wa mlongo wao, amene ali makaniko mu Lusaka. Mnyamatayo asanagwire sipanala anayamba ndi funso.

"Amalume, kodi mukaponda buleki, copondaco cimira mpaka pansi, kapena cilimba?"

"Cilimba bwino lomwe, mphwanga. Koma galimoto ithawira kumanja."

Mnyamatayo anafotokoza kuti copondaco cikamafewa ngati siponji, ndiye kuti m'mipope mwalowa mpweya kapena mafuta a mabuleki adontha penapake. Cikalimba koma galimoto nikhota, ndiye kuti gudumu limodzi ligwira, linzake literera, ndipo galimoto itsata mbali imene igwira. Anakhudza mafuta a m'dilamu ndi cala, nawapatsa amalume ake kuti anunkhize. Anali olemera, a fungo ngati la mazira oola. Mafuta a mabuleki ndi opepuka, asakanizika ndi madzi, ndiponso asupula penti. A injini yakale ndi akuda bii. Awa anali a nambala 90, amene athiridwa m'difu, cibuthu ca magiya cija cili pa ekiselo pakati pa magudumu awiri.

Mkuluyo anati tsono asinthe mphira wochinga mafuta, umene amakaniko auchula kuti silo, nkhani ithe. Koma mphwayo anafunsanso cimene cinakankha mafutawo kuti apyole mphira. Anaika zipika za mtengo pansi pa galimoto, pakuti jeki yokha siyenera kukhulupiridwa, nakwawira pansi. Pamwamba pa ekiselo anakanda matope ouma, ndipo panaoneka kacitsulo kosaposa nsonga ya cala.

Kacitsuloko ndi mphuno ya ekiselo. Galimoto ikayenda, magiya atentha, mpweya wa m'kati ufutukuka, ndipo utulukira pa kaboo kameneka. Matope a dzinja lonse anali atakatseka, kotero mpweya posowa njira unali kukankha mafuta kupyola mphira mpaka kufika pa nsapato za mabuleki. Akadaika mphira watsopano mphunoyo ili citsekere, posacedwa akadamasulanso gudumu lomwelo.

Mphunzitsi wakaleyo, amene zaka zambiri anaphunzitsa ana kuti mpweya ufutukuka ukatenthedwa, anakhala cete kanthawi, kenaka anaseka.

Kamphunoko anakatsuka ndi palafini mpaka mpweya unayamba kupita. Anasintha mphira pamodzi ndi mkombero wacitsulo umene mphirayo ukhalapo, popeza unali utadyeka mzere. Fumbi la m'dilamu analipukuta ndi nsanza yonyowa osaliuzira, cifukwa nsapato zakale zina zili ndi asbestos amene aononga mapapo. Mkangano unabuka pa ndalama: mnyamatayo anaumirira kuti agule nsapato za magudumu onse awiri akutsogolo, pamene amalume ake anati zakumanja zikali zabwino. Koma zatsopano mbali imodzi ndi zakale mbali inayo sizigwira molingana. Mkuluyo anang'ung'udza, nagulitsa mbuzi.

Pa Sabata anayesa galimoto pa citsetsereko comweco, ndipo inaima molunjika.

Pansi pa injini padonthabe madontho akuda usiku uliwonse. Amenewo mphwayo anati angathe kudikira mpaka cimanga cigulitsidwe, malinga amalume asolole kamtengo koyesera mafuta m'mawa uliwonse asanalize injini. Mai uja anatsika anayenda wapansi misika iwiri, ali kuyang'ana. Pa msika wacitatu anakweza bokosi lake, koma anasankha kukhala pafupi ndi citseko ca kumbuyo.