Anandiiwala ku Walvis Bay ndi thiraki yawo

Ndine dalaivala wa thiraki, kwathu ndi ku Chipata. Ntchito yanga ndi kutenga mkuwa ku Copperbelt kukausiya ku doko la Walvis Bay ku Namibia. Timaoloka Zambezi pa mlatho wa Katima Mulilo, kudutsa Rundu, Grootfontein ndi Otjiwarongo. Ukangopitirira Usakos mitengo imatha, kumatsala miyala ndi mchenga mpaka kunyanja. Tauni ya Walvis Bay inamangidwa m'chipululu cha Namib, mvula sigwa kwenikweni. M'mawa kumachita chifunga chozizira cholowa m'mafupa, ndipo mphepo ya kum'mawa ikauka mchenga umalowa m'makutu, m'mabulangete, ngakhale mu ndiwo.

Mu 2020 matenda a korona anakula kwambiri m'tauniyi, boma n'kutseka misewu. Ine n'kuti nditangotsitsa katundu. Anatiyeza, n'kutiuza kuti tisatuluke pamalo oimikapo mathiraki. Anthu ankati ndife madalaivala tabweretsa matendawa, ndipo mantha awo ndimawamvetsa, koma zimawawa munthu akakuona n'kukhotera kutali.

Chimene chinandipweteka kwambiri ndi abwana anga. Poyamba ankati, “Dikirani pang'ono, alawansi ikubwera.” Kenako foni anasiya kuyankha. Thiraki yawo ya ndalama zambirimbiri ndinkailondera usiku ndi usana, koma ya ufa yokha osanditumizira. Kunyumba mayi a ana ankafunsa za lendi, ine n'kumangoti tipemphere. Usiku ndinkagona pakabedi ka kuseri kwa mpando ndikulira ngati mwana.

Mulungu anadzera mwa anthu. Madalaivala a ku Zambia, Congo ndi Zimbabwe tinayamba kusonkha chilichonse chimene munthu anali nacho. Wina ufa, wina gasi, wina anyezi awiri. Tinkaphika nsima mumphika umodzi kuseri kwa matayala, titatchinga mphepo ndi tenti ya katundu. Amayi ena a mpingo a ku Kuisebmond, dera la m'tauni momwemo, amene sankatidziwa n'komwe, ankasiya pageti jumbo ya karapao ndi buledi, n'kuima patali kutibayibitsa. Tauniyo inali pamavuto, ntchito zitaima, koma ankagawana nafe.

Dalaivala wina wachikulire wa komweko ndiye anandipatsa nzeru. Anati, “Mwana wanga, thiraki yopanda katundu mwini wake saikumbukira. Ipezere katundu.” Anandilumikiza ndi ejenti amene ankafuna galimoto yotenga matumba a mchere kupita ku Zambia, pakuti Walvis Bay amakolola mchere wambiri kuchokera m'madzi a m'nyanja. Nditatumiza uthenga woti katundu wapezeka, abwana aja anaimba tsiku lomwelo. Ndinawauza mwaulemu koma mosabwerera m'mbuyo kuti galimoto sinyamuka mpaka ejenti athire dizilo ndi kundipatsa m'manja malipiro anga onse otsalira, adzachotse pa ndalama ya ulendowo. Anakalipa, koma anavomera.

Ndalama yoyamba ndinatumiza kunyumba ndisanalize injini. Mchere ndinakafikitsa bwinobwino, makiyi n'kupereka, ntchito n'kusiya. Panopa ndili pa kampani ina, msewu ndi womwewo, koma sindinyamuka popanda pangano lolembedwa lonena za alawansi ya masiku odikira. Nyemba za ku Chipata ndimanyamula ulendo uliwonse, kukasiya kwa amayi aja ku Kuisebmond.