WALIRA MVULA, WALIRA MATOPE

Ife amene tikulemba nkhani ino takhala zaka zambiri tikuphunzitsa pa sukulu ya pulaimale imene ili m'mbali mwa mseu wafumbi. Mseuwo tidauzoloŵera monga munthu azoloŵera khonde la nyumba yake. Unali mseu wa njinga, wa ngolo za ng'ombe, ndi wa amai opita ku chigayo. Galimoto ikadutsa, ana ankakhamukira pa zenera kukaiona, ife nkumaŵabweza ndi mau aukali. Tifuna kukusimbirani zimene zidachitika pamene mseu womwewo udasanduka njira ya malole onyamula katundu wokamangira malo opangira magetsi a dzuŵa, pakuti zimene zidatiwonekera ife dzulo zikhoza kufika kwanu maŵa.

Poyamba tinenetse kuti ntchito imeneyi njabwino. Magetsi ambiri a dziko lathu amachokera pa mtsinje umodzi wa Shire, pa Nkula, pa Tedzani ndi pa Kapichira. Madzi akachepa, kapena zinyalala ndi mchenga zikatseka makina, dziko lonse limagona mu mdima. Tonse tikukumbukira mwezi wa Januwale 2022, pamene namondwe wotchedwa Ana adaononga damu la Kapichira, ndipo mphamvu ya mamegawati pafupifupi 130 idasoŵa kwa nthaŵi yopitirira chaka. Choncho nkwanzeru kuti dziko lizikolola dzuŵa limene Mulungu adatipatsa laulere. Ku Salima adatsegula malo a mamegawati 60 mu 2021, ndipo ku Golomoti m'boma la Dedza malo a mamegawati 20 adayamba kugwira ntchito mu 2022, okhala ndi mabatire akuluakulu osungira mphamvu. Malo otere safuna kumangidwa m'tauni, chifukwa amadya nthaka yaikulu zedi. Amamangidwa kumudzi, pakati pa minda yathu.

Tsono zipangizo zake sizitsika kumwamba monga dzuŵalo. Dziko lathu lilibe doko la panyanja yamchere, motero katundu wotere amatsikira ku Beira, ku Nacala kapena ku Dar es Salaam. Akafika m'dziko muno, amayenda pa mseu wa tala, koma chigawo chotsiriza cha ulendo wake chimadzera pa kamseu ka kumudzi. Pamenepo mpamene pamadutsa makontena a mapanelo, zitsulo zokhomera pansi, mawaya, simenti, mchenga ndi miyala, ndiponso zikatapila zosalazira nthaka. Lole iliyonse yoloŵa iyenera kutulukanso, ndiye kuti ulendo umodzi ndi maulendo aŵiri pakhomo pa munthu wokhala m'mbali mwa mseu.

Zimenezi ife sitidaziganize. Ntchito isanayambe, eni ake adaitanitsa msonkhano pa bwalo la a Mfumu, monga lamulo la dziko lathu lifunira kuti ntchito yaikulu isanayambe, afufuze m'mene idzakhudzire chilengedwe ndi anthu, ndi kumva maganizo a eni dera. Tidapita ndithu, tidakhala pa mipando ya kutsogolo monga mkulu wa mpingo ndiponso mphunzitsi. Atatipatsa mpata woti tifunse, tidafunsa ngati anyamata athu adzalembedwa ntchito, ndi ngati sukulu yathu idzalandira magetsi. Ena adafunsa za chipukutamisozi cha minda ndi mitengo ya mango. Mafunso onseŵa anali oyenera. Koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene adafunsa kuti, "Kodi malole anuwo adzadzera kuti, ndipo nthaŵi yanji?" Ife amene tsiku ndi tsiku timaona ana akuoloka mseuwo, sitidafunse. Akuluakulu adati safunsa adadya phula, ndipo phula limenelo tidalidya ndife.

Malole adayamba kubwera m'chilimwe. Choyamba kutipeza chinali fumbi. Amai amene ankayanika ufa pa mphasa adayamba kuuola uli wofiira ngati katondo. Masamba a mpiru m'madimba a m'mbali mwa mseu adasanduka otuŵa. M'kalasi tinkatseka mazenera ngakhale kunkatentha, ndipo chifuwa chidafala pakati pa ana aang'ono. Lole ikamadutsa, tinkaleka kulankhula mpaka phokoso litatha, kenaka nkuyambiranso chiganizo chomwecho. Dzinja litafika, fumbi lija lidasanduka matope. Matayala adakumba mizere yakuya imene anyamata a kabaza sankatha kudutsamo, ndipo kalavati ya pa kamtsinje, imene idamangidwira ngolo, idayamba kung'aluka. Anthu ankang'ung'udza pa mjigo ndi pa maliro, koma palibe amene adapita kukalankhula ndi eni ntchito. Ife nafe tinkangoti, "Nchitukuko, tipirire."

Tsiku lina m'maŵa, belu loyamba lisanalire, tidamva kulira kwa mabuleki kumene sitidzakuiŵala. Tidathamangira kumseu mtima uli m'malere. Tidapeza lole yodzaza miyala itaima chopingasa, ndipo kamtsikana ka Sitandade 2 kali chigonere m'ngalande, kope lake lili pansi pa tayala lakutsogolo. Mulungu adatichitira chifundo: mwanayo adangosupuka bondo, popeza mnzake wamkulu adamkoka diresi pa nthaŵi yake. Anthu adasonkhana msanga, ena atatola kale miyala. Dalaivala adatsika akunjenjemera. Anali bambo wamkulu ndithu, wa imvi za apo ndi apo. Adagwada pafupi ndi mwanayo, kenaka adatiyang'ana nati, "Aphunzitsi, ndikulumbira, sindidamuone. Nanenso ndili ndi mdzukulu wa msinkhu womwewu. Chonde, takwerani pampando pangapa muone nokha."

Anthu atazizira mitima, tidakwera. Mnyamata wina wa Sitandade 4 tidamuuza kuti aime kutsogolo kwa loleyo, pafupi ndi nyali zake. Tidayang'ana pa galasi lakutsogolo, koma sitidaone kanthu. Tidaitana ana ena angapo kuti aime naye limodzi, ena m'mbali pafupi ndi chitseko. Onsewo adabisika. Apo mpamene tidazindikira kuti mwana amene akuiona lole bwino lomwe, ndi kumaganiza kuti nayonso ikumuona, akhoza kukhala wosaoneka konse kwa woyendetsa. Bamboyo adatifotokozeranso kuti lole yolemera siima msanga monga galimoto yaing'ono, makamaka pa dothi lotereka, ndi kuti ikamakhota, matayala ake akumbuyo amadzera m'kati mwa njira imene akutsogolo adzera, motero amapsyinja woima pa ngodya. Takhala tikuphunzitsa ana kuoloka mseu kwa zaka zambiri, koma phunziro limenelo tidalilandira tsiku lomwelo kwa munthu amene tidafuna kumponya miyala.

Usiku umenewo tidakumbukira lamulo la pa Deuteronomo 22:8, limene limalamula womanga nyumba yatsopano kuti atchinge m'mphepete mwa denga lake, kuwopa kuti wina angagwe, mlandu wa magazi nkukhala pa nyumbayo. Lamulo limeneli sililetsa kumanga. Limangoti womanga aganizire moyo wa mnzake ngozi isanagwe. Tidaona kuti mau ameneŵa akuloza eni ntchito, komanso akutiloza ife amene tidadziŵa kumene ana amaolokera, koma nkukhala chete.

Mlungu womwewo akulu a mpingo, komiti ya sukulu, amai a Chigwirizano ndi a Mfumu tidakhala pansi. Tidagwirizana kuti tisapite kukadandaula chabe, koma tipite ndi umboni ndiponso ndi zopempha zomveka. Ana a Sitandade 7 tidaŵapatsa ntchito ya masamu: lole iliyonse ikadutsa, ankaponya kamwala m'chitini, chitini china cha m'maŵa, china cha masana. Zitinizo tidapita nazo kwa kapitao wamkulu wa ntchitoyo. A Mfumu adakhuthula timiyala ta m'maŵa patebulo pake nati, "Bambo, tonseti tadutsa pa nthaŵi imene ana anga amapita ku sukulu." Kapitaoyo adakhala chete kanthaŵi. Tidadabwa kumva kuti eni ntchito anali nalo kale buku la madandaulo, ndiponso munthu wolembedwa ntchito yomvera anthu a m'midzi. Bukulo linali lopanda kanthu, pakuti ife tinkadandaulira pa mjigo.

Zimene tidapangana tidazilembetsa pa pepala, mbali zonse nkusaina. Malole asamadutse pa sukulu nthaŵi yoloŵa ndi yoŵeruka. Pa sukulu ndi pa msika paikidwe mahampu ndi zikwangwani, ndiponso paime anthu a mbendera yofiira ndi yobiriŵira, olembedwa kuchokera m'mudzi momwemo popeza ndiwo adziŵa ana. Galimoto yothira madzi iziwaza mseu m'maŵa ndi masana, koma madzi ake asamatunge pa mjigo wa mudzi, kuwopa kuti pothetsa fumbi tingayambitse ludzu. Kalavati ikonzedwe dzinja lina lisanafike. Lole iliyonse ikhale ndi nambala yaikulu yoŵerengeka patali, kuti wothamangitsa azidziŵika yekha, anzake osalakwa asamanyozedwe. Pa Sabata nthaŵi ya mapemphero, ndiponso maliro akamapita ku manda, mseu uzikhala wa anthu. Ifenso tidalonjeza zathu: kumanga mbuzi ndi ng'ombe, kuchotsa misika ya tomato m'mphepete mwenimweni mwa mseu, ndi kuletsa anyamata khalidwe loipa lolendeŵera kumbuyo kwa malole.

Sitinganame kuti zonse zidayenda monga mwa pepalalo. Masiku ena galimoto ya madzi sinkaoneka, ndipo madalaivala atsopano sankadziŵa panganolo. Komabe tsopano tinali ndi pogwira. Mwezi uliwonse aŵiri mwa ife ankapita kukakumbutsa, ndipo bukulo lidayamba kudzaza. Dalaivala uja adabweranso ndi lole yake pa bwalo la sukulu, injini itazimitsidwa, ndipo ana adakwera mmodzimmodzi pampando pake kuti aone okha m'mene anzao amabisikira. Palibe phunziro la pa bolodi limene lidaloŵa m'mitu yao monga limenelo.

Pali ngozi inanso imene idabwera pa mseu womwewo, yopanda hutala ndi yopanda fumbi. Ntchito yaikulu imabweretsa amuna ambiri okhala kutali ndi mabanja ao, ndalama zili m'thumba mwezi ukatha. Ambiri mwa iwo anali anthu aulemu, ena tinkapemphera nao limodzi. Koma tidaona atsikana ena akutumidwa ndi makolo ao kukagulitsa mandasi ndi nthochi pa chipata cha ntchito mpaka madzulo, ndi anyamata ena akujomba ku sukulu pofuna maganyu. Makolo anzathu, phindu la mandasi silingagule tsogolo la mwana. Ngati pali malonda, apite ndi akuluakulu. Ndipo inu achinyamata, dziŵani kuti ntchito yomanga imatha m'miyezi yoŵerengeka. Ikatha, pamatsala anthu ochepa: alonda, otsuka mapanelo, otchetcha udzu, ndi amisiri odziŵa zamagetsi. Ntchito zokhalitsa ndi za malipiro abwino zimapita kwa amene adapirira pa sukulu.

Tsono ngati mumva kuti ntchito yotere ikubwera kwanu, musaikane, koma musaiŵale kufunsa za mseu pa msonkhano woyamba. Funsani kumene malole adzadzera, ndi ngati pali njira ina yolambalala sukulu. Funsani kumene madzi amvula ochokera pa malo olambulidwawo adzatsikira, pakuti nthaka yopanda mitengo imatumiza madzi m'minda ya kumunsi. Onetsani manda ndi tinjira ta kumadzi mpanda wa waya usanamangidwe. Funsaninso mosabisa za magetsi, chifukwa mphamvu ya pa malo otere imaloŵa m'mawaya akuluakulu a dziko lonse, siingoloŵa yokha m'nyumba zoyandikana nawo. Amai ndi ana apatsidwe mpata wolankhula, popeza ndiwo ayenda pansi kuposa ife abambo. Ndipo zonse zimene mwamvana zilembedwe.

Lero malole adapita. Mapanelo ali ndandanda kuseri kwa mpanda, akugwira ntchito yao mwakachetechete, ndipo mseu wabwerera kwa eni ake a njinga ndi ngolo. Kamtsikana kaja kakula, kali ndi kachipsera pa bondo. Tikakaona kakuthamanga pa bwalo, timathokoza Mulungu, komanso timachita manyazi pokumbukira msonkhano uja wa pa bwalo la a Mfumu. Makolo athu adati walira mvula walira matope, ndipo adanena zoona. Koma sadatiletse kukumba ngalande mvula isanagwe. Ambuye atipatse nzeru yolandira zabwino zimene akutitumizira, ndi kulimba mtima kolankhulira ana athu nthaŵi ikadalipo.