Akakudula pakamwa pa bridge, uyankha chiyani?

Kwathu kuno ukangotchula makhadi, anthu amaganiza za njuga, anyamata atabisala kuseri kwa golosale ndalama zili pansi. Ndiye ndikauza anzanga kuti Lamlungu lililonse madzulo ndimasewera makhadi ndi a malume anga, amayamba aseka kaye. Masewera athuwo ndi bridge. A malume anawaphunzira ali pasukulu ku Britain, ndipo chipumireni pantchito anasowa wosewera naye mpaka anandikopa ine. Iwo ali ku Zomba, ine ku Lilongwe, timakumana pa Bridge Base Online aliyense pa foni yake, n'kumalimbana ndi anthu a ku Poland kapena ku India omwe sitidzaonana nawo.

Bridge amasewera anthu anayi, awiri mbali iyi, awiri mbali inayo. Makhadi ndi 52, aliyense amalandira 13, ndipo poyamba a mnzako suwaona. Musanaponye khadi ngakhale imodzi pamakhala kupikisana kofanana ndi okushoni ya fodya ku Kanengo: aliyense amatchula zimene mbali yake ingakwanitse, ndipo saloledwa kutchula zotsika kuposa zimene zanenedwa kale. Mitundu ya makhadi ili ndi maudindo ake. Wotsika ndi club, kenako diamond, heart, spade, ndipo pamwamba pali no trump. Mphamvu ya makhadi ako umaiwerenga motere: Ace mapointi 4, King 3, Queen 2, Jack 1. Onse pamodzi ndi 40.

Chimene chinandikoka ine n'chakuti patebulo pali mawu 38 okha ololedwa, kuyambira 1 club mpaka 7 no trump, kuphatikizapo pass, double ndi redouble. Kutsinzinira diso, kutsokomola kapena kutumizirana uthenga pa WhatsApp n'kuba. Ndi mawu ochepawo uyenera kuuza mnzako zimene wagwira, iyenso akuuze zake. Tsono ganizirani muli mkati mokambirana choncho, mdani n'kulowererapo ndi mtundu wake. Amati overcall. Wakudula pakamwa, ndipo wadya malo amene ukanalankhulira.

Nachi chitsanzo chimene chimabwera pafupifupi sabata iliyonse. A malume atsegula ndi 1 diamond. Ine ndagwira ma heart anayi okhala ndi King ndi Jack, ma diamond atatu, ma club anayi, ma spade awiri achabechabe, mapointi onse 8. Yankho langa linali lokonzeka: 1 heart. Koma wa kudzanja langa lamanja wanena 1 spade. Basi, 1 heart wafa, chifukwa ndi wotsika. Mtima umafuna kungokwera n'kunena 2 heart kuti mdaniyo asandizolowere. Vuto ndi loti 2 heart amauza a malume kuti ndili ndi ma heart osachepera asanu ndi mapointi 10 kapena kuposa. Likhala bodza, ndipo wonamizidwayo ndi mnzanga yemwe, amene akwere nalo bodzalo mpaka tigwe tonse.

Vutoli analithetsa anthu awiri a ku America, Alvin Roth ndi Tobias Stone, mu 1957. Kale, kunena double pamenepa kunkatanthauza kuti mdaniwe sukwanitsa, ndikukhaulitsa. Iwo anaona kuti mwayi wokhaulitsa mdani pa 1 spade umabwera kamodzikamodzi, pomwe dzanja ngati langali limabwera tsiku ndi tsiku. Anasintha tanthauzo lake: double azinena kuti ndili ndi ma heart anayi ndi mapointi osachepera 6, ndipo ndikanayankha akanapanda kundidula. Anaitcha Sputnik, dzina la chombo chimene Soviet Union inaponya mumlengalenga chaka chomwecho. Lero imadziwika kuti negative double.

Chodabwitsa n'chakuti nthawi zina wokudulayo amakupatsa mawu owonjezera. A malume akatsegula 1 club, mdani n'kunena 1 heart, ndili ndi njira ziwiri zonenera za ma spade: double ngati ali anayi ndendende, 1 spade ngati ali asanu kapena kuposa. Pakanapanda mdaniyo, a malume sakanadziwa msanga kusiyana kumeneku.

Ngati mtundu umene mnzako watsegula uli nawo, nkhani imaphweka, muuze pompo. A malume akanena 1 heart, mdani 1 spade, ine ndili ndi ma heart atatu ndi mapointi 6 mpaka 9, ndimati 2 heart. Ndikakhala ndi 10 kapena kuposa, ndimatchula mtundu wa mdani yemweyo, 2 spade. Tsiku loyamba kumva zimenezi ndinafunsa kuti, "Malume, mesa ma spade ndi awo?" Anati, "Eya, n'chifukwa chake sindingaganize kuti ukuwafunadi. Mawu amene alibe ntchito timawapatsa ntchito." Ndiye 2 spade amatanthauza kuti ma heart anu ndili nawo ndipo ndili ndi mphamvu. Zikatero, kudumphira ku 3 heart kumatsalira dzanja lofooka lokhala ndi ma heart anayi. Cholinga n'kuwapanikiza adaniwo. Larry Cohen anafalitsa mfundo yake m'buku la 1992 lotchedwa To Bid or Not to Bid: mukakhala ndi makhadi 9 a mtundu umodzi awirinu, kufika pa 3 sikoopsa kwenikweni.

No trump nayo imasintha. Mdani wakuuza kale mtundu umene ayambire kukumenya nawo, ndiye usanene 1 no trump ulibe chotsekera pakhomo, monga Ace, kapena King wokhala ndi kamnzake. Ukapanda kutero, ma spade asanu amatsika motsatizana iwe ukungotaya makhadi ako abwino.

Koma yankho limene ndimalilemekeza kwambiri ndi pass. Mdani akakhala chete, ndimakakamizika kuyankha ngakhale ndili ndi mapointi 6 okha, kuopa kuti zokambirana zithera pomwepo a malume ali ndi 20. Akalowerera, chikakamizo chimenecho chimachoka, pakuti mpata wolankhula uwafikanso a malume. Ngati palibe mawu oona oti ndinene, ndimakhala chete, ndipo iwo amamva.

Pali kukhala chete kwina kwa msampha. Tsiku lina a malume anatsegula 1 diamond, mdani anadumphira ku 2 spade, ine ndili ndi ma spade asanu okhala ndi King, Jack ndi 10. Chala chinkayabwa pa double, koma double wathu amanena za ma heart. Ndinadina pass. Zinazungulira mpaka kwa a malume. Iwo anali ndi spade imodzi yokha, n'kuzindikira kuti enawo ali kwinakwake, ndipo mwina kwa ine. Ananena double, ine pass kachiwiri. Mdani uja anaperewera katatu, ifeyo mapointi 800. Atatha masewera anandiimbira foni akuseka: "Mphwanga, kuona maso a nkhono n'kudekha."

Msampha umenewu umagwira pokhapokha ukakhulupirira kuti mnzako sakusiya wekha. Ndikadina pass ndili ndi ma spade asanu, ndaika zonse m'manja mwa a malume. Iwonso ponena double ali ndi spade imodzi, akudalira kuti kukhala chete kwanga kuli ndi chifukwa. Ndimaona kuti anthu ambiri pa intaneti mdani akawadula amayankha mdaniyo, kufuna kumuonetsa kuti saopa, n'kuiwala kuti amene akudikira uthenga ndi amene wakhala naye mbali imodzi.

Ngati mukufuna kuyesa, kulembetsa pa Bridge Base Online n'kwaulere ndipo sikudya bandulo kwambiri. Pezani munthu mmodzi woti muzisewera naye nthawi zonse, kaya mchemwali wanu, kaya bambo anu amene akungokhala pakhonde. Musanayambe, imbiranani foni mugwirizane zinthu zitatu: negative double wanu afika pati, ambiri amati mpaka 2 spade kapena 3 spade, kutchula mtundu wa mdani kukutanthauza chiyani, ndipo kudumpha n'kwa wamphamvu kapena wofooka. Zilembeni papepala. Mdani akadzakudulani, mudzapeza kuti mawu mukadali nawo.