Dzina Pamndandanda

Mayina atatuluka, tinayendetsa chala pamndandanda mpaka tinalipeza. Mmodzi mwa atsikana athu a kwaya wasankhidwa kukaphunzira unamwino ku Kamuzu University of Health Sciences, sukulu imene inakhazikitsidwa pophatikiza Kamuzu College of Nursing ndi College of Medicine. Nthungululu zinamveka, pakuti tikudziwa makandulo amene anatha iye akulimbana ndi Biology ndi Chemistry pokonzekera MSCE.

Koma pambali pake panaima mnzake wa mapointi abwino ndithu, amene dzina lake silinaoneke. Anamukumbatira misozi ili mbwee, ndipo ife tinasowa chonena. Malo ndi ochepa, ofuna ndi ochuluka.

Iwe wosankhidwa, mpando umenewo ena aulirira. Zaka zinayi zikadzatha, usiku wina udzaima pambali pa mayi wovutika pobereka, thupi litatopa, odwala ena akuitana. Pamenepo udzakumbukire mnzako uja, udzatumikire ngati anthu awiri.

Iwe wotsala, usaweramitse mutu. Sukulu za unamwino za St Joseph's ku Nguludi ndi Holy Family ku Phalombe nazonso zimasula anamwino. Kagogode. Ambuye akutsogolereni nonse awiri.