Uchema wa ku Chigwa: Mpeni Uyenera Kudziwa Polekera

Ine ndine munthu wa uchema. Ndimakhala kuno ku Chikwawa, m'dera la Mfumu Yaikulu Lundu, pakati pa msewu wa M1 wopita ku Nsanje ndi dambo lalikulu la Elephant Marsh. Ndimalima mapira kumtunda ndi chimanga kudimba monga wina aliyense, koma anthu amandidziwa ndi mpeni ndi migwalangwa. Ntchitoyi ndinaiphunzira kwa amalume anga, iwonso anaiphunzira kwa amalume awo, poti kwa ife Amang'anja mwana wa mlongo ndiye amayenda m'mapazi mwako.

Mgwalangwa si mtengo wamba kwa munthu wa ku chigwa. Masamba ake ndiwo mlaza umene amayi amalukira mikeka, madengu ndi zipewa, ndipo ife timamangira nawo madenga. Zipatso zake zolimba zija ana amatafuna khungu lake, njovu nazo zimazikonda. Koma chuma china chili m'kati mwa thunthu: madzi otsekemera amene mtengo umatumiza kunsonga kuti akaphukitse masamba atsopano. Ntchito yanga ndi kupatutsako madzi amenewo kuti agwere m'chipanda changa.

Chiyambi cha zonse ndi kusankha mtengo. Migwalangwa ilipo yaimuna ndi yaikazi. Waukazi wobala zipatso sindiukhudza, chifukwa ndiwo mbewu ya mawa, ndipo chipatso chake chimatenga zaka ziwiri kuti chikhwime. Ndimafuna wa masamba obiriwira bii, wonenepa thunthu, womera pamene madzi a pansi sali patali. Pamene pamera tsinde la mphukira zambiri ndimasankhapo imodzi, zina ndikuzisiya. Yaifupi imeneyi ndimaigwira nditaima pansi. Italiitali imafuna kukwera: ndimakhoma zikhomo za mtengo wolimba m'thunthu motsatana, ndipo chikhomo chilichonse ndimachiyesa ndi dzanja ndisanachiponde. M'mudzi uliwonse wa uchema muli nkhani ya munthu amene anakwera atalawako, n'kutsika atanyamulidwa. N'chifukwa chake pakamwa panga sipafika kanthu kowira kufikira nditatsika mtengo womaliza.

Ndikafika kunsonga ndimasadza masamba ndi chikwanje mpaka poyera pofewa paja paonekere, pamene pamaphukira masamba. Pamenepo chikwanje chimapuma, mpeni umayamba. Ndimasema mopendeketsa pang'ono kuti madzi azitsetserekera mbali imodzi, ndikubayapo kachidutswa ka mlaza kokhala ngati kangalande, ndipo pansi pake ndimamangirira chipanda. Pamwamba ndimavundikira ndi kachipewa koluka ndi mlaza womwewo, kuti dzuwa lisaumitse bala, ndiponso kuti fumbi, njuchi ndi ntchentche zisagweremo. Masiku oyamba mtengo umaumira, umangodontha pang'ono. Wosadziwa amapsa mtima n'kusema mozama. Amalume ankati kuona maso a nkhono n'kudekha: mtengo umayamba wokha kutulutsa nthawi yake ikakwana.

Kuyambira pamenepo ndiwe womangika. M'mamawa kusanatenthe ndi madzulo dzuwa litapendeka uyenera kukhala pamtengo, kutsanula zimene zadontha ndi kusenga bala kuti litseguke, chifukwa likauma limatseka. Kusengako ndiye mtima wa ntchito yonse. Kachidutswa kamene mpeni umachotsa kayenera kukhala kopyapyala moti ukakakweza kudzuwa kuwala kumadutsa. Mpeni wake sugwira ntchito ina iliyonse, sudula fodya, sutumbula nsomba. Ndimaunola tsiku lililonse ndi kuusunga m'chikopa, chifukwa mpeni wobuntha umatswanya minofu ya mtengo, ndipo wauve umaoletsa bala. Kaya kuli maliro kaya ukwati, ndimayamba ndadzera kumitengo, ndipo anansi amadziwa chifukwa chake.

Ine ndimakonda chilimwe, kuyambira tikakolola mpaka kutentha kwa Okutobala, pamene ku Ngabu kumapitirira madigiri 40. Dzinja madzi a mvula amalowa m'zipanda n'kusukulutsa uchema, thunthu nalo limaterera. Adani anga ndi apusi, amene amadziwa kugubuduza chipanda, ndi nyerere zimene zimakwera usiku. Koma mdani woposa onse ndi chiwiya chosatsuka. Masiku ano ambiri tikugwiritsa ntchito zigubu za pulasitiki pamodzi ndi zipanda, ndipo chigubu chimabisa litsiro m'makona. Ndimatsuka ndi madzi otentha ndi mchenga, ndikuyanika chozondoka. Uchema wonunkha suchokera kumtengo, umachokera kwa mwini wake.

Tsopano ndinene chimene chimalekanitsa mmisiri ndi wongofuna ndalama. Tsiku lililonse mpeni umatsika pang'ono kulowera kumtima wa mtengo. Ukaudutsa mtimawo, thunthu limenelo lafa, siliphukanso. Pakapita masabata angapo madzi amayamba kuchepa, poyera paja pamasintha mtundu, ndipo dzanja lozolowera limamva kuti pafewa mwa mtundu wina. Pamenepo ndimamasula chipanda, ndimavundikira bala, ndikuchoka, ngakhale mtengo ukadali kudontha ndipo ogula akudikira. Ukausiya msanga umaphukanso, ndipo pakapita zaka udzakupatsanso. Ngakhale utasamala chotani, ina imafa ndithu, makamaka italiitali imene ilibe mphukira pambali. N'chifukwa chake sindikwera mtengo wautali mwachisawawa.

Yendani m'mbali mwa dambo muone mathunthu opanda mitu ataima ndi zikhomo zawo. Ambiri anafa m'zaka za mavuto. Madzi osefukira a mu Januwale 2015, namondwe Idai mu 2019, Ana mu Januwale 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023 anakokolola minda ndi ziweto kuno ku chigwa. Munthu amene munda wake wakwiririka ndi mchenga amayang'ana chimene chatsala chiimire, ndipo chimene chimatsala ndi mgwalangwa. Sindiwanyoza abale anga amenewo, njala ndimaidziwa, nyika ya m'dambo tinadya limodzi. Koma mtengo umene unakula zaka makumi angapo unkatha mwezi umodzi m'manja mwa munthu amene sanaphunzitsidwe polekera. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Uchema ndi chakumwa cha tsiku limodzi, ndipo pa tsiku limenelo umasintha katatu. Wongotsika kumene m'mamawa ndi woyera mbuu, wozizira, wotsekemera, sunayambe kuluma. Palibe chimene timathiramo kuti uwire. Tizilombo tosaoneka ndi maso, timene ophunzira amati yisiti, timakhala kale mumpweya ndi m'chipanda, ndipo timayamba kudya shuga uja nthawi yomweyo. Dzuwa likafika pamutu umakhala ukuchita thovu, kutsekemera kwachepa, ukuluma lilime pang'ono, ndipo apa ndi pamene odziwa amaufuna. Madzulo umakhala wowawasa ndi waukali, wa akuluakulu okhazikika mutu. Ukagona umapita kukhala viniga. N'chifukwa chake uchema suyenda ulendo. Amene amautsekera m'botolo kuti akwere nawo phiri la ku Thabwa kupita ku Blantyre amakafika ndi chinthu china, ngati botololo silinaphulike panjira. Wofuna uchema weniweni amatsika yekha kudza kumene kuli mtengo.

Amene amatsika amatipeza pansi pa mitengo ya nimu kuseri kwa nyumba yanga, pamene tinaika mabenchi ndi mikeka. Moto ndi wa mayi a kunyumba, ndipo iwo ndi amene anakhazikitsa lamulo loti pano munthu samwa m'mimba muli mbee. Uchema wa m'mamawa amaupereka ndi mbatata yootcha kapena chigumu, ndipo pang'ono amasungako kuti atupitsire mandasi. Wa masana umayenda ndi nsomba za m'dambo: mphende yootcha pamakala, yothira mchere ndi tsabola wa kambuzi basi, kapena mlamba wowamba wophika ndi tomato, pambali pali nsima ya mapira ndi therere. Mafuta a mlamba amalemera pakamwa, ndipo kuwawasa kwa uchema kumawatsuka, moti nthongo yotsatira imakoma ngati yoyamba. Wa madzulo umafuna kanyenya wa mbuzi. Viniga wa dzulo satayidwa: amathira mu anyezi ndi tomato wodula, n'kuika pambali pa nyama.

Amabwera odula nzimbe a ku Nchalo akalandira malipiro, anyamata a kabaza, ogula ng'ombe popita ku msika wa ku Ngabu, aphunzitsi Loweruka, ndipo nthawi zina alendo ochokera kukaona nyama ku Lengwe kapena ku Majete. Aliyense amalandiridwa mofanana. Ndimathira dontho pansi kukumbukira amene anatisiyira mitengoyi, kenaka chikho choyamba ndimamwa ndine pamaso pa onse, kuti mlendo amwe mtima uli m'malo. Chikho chimayamba kwa wamkulu. "Yambani ndinu, agogo," amatero anyamata, ndipo nkhalamba ya Chisena ikamaliza imapukuta pakamwa n'kunena kuti, "Takhuta, baba." Pamikeka imeneyi pamamveka Chimang'anja ndi Chisena mosakanikirana, pamakambidwa mtengo wa thonje, za ngalande yaikulu yothirira imene ikuchokera ku Kapichira, ndi za ng'ona zimene zavuta kudooko.

Mwana sindimpatsa uchema wowira, ngakhale atati watumidwa. Munthu akayamba kukweza mawu, mayi amamubweretsera madzi ndi nsima, ine ndimamuuza kuti, "Achimwene, lero zakwana, mawa mitengo idonthanso." Ena amakwiya, koma amabweranso, ndipo akazi awo amatipatsa moni kumsika. Wa kabaza amene ali ndi ulendo amamwa wa m'mamawa wokha. Sindithira madzi, sindithira shuga, sindisakaniza ndi kachasu kapena mowa wa m'mabotolo ang'onoang'ono uja umene watha anyamata m'misika. Amene amatero amagulitsa kuledzera, ine ndimagulitsa uchema.

Mwana wa mlongo wanga amagwira ntchito padoko ku Durban, kumene amakumana ndi amalinyero a ku Philippines, dziko la zilumba zoposa 7,000. Atabwera kudzaona kumudzi anandionetsa pa foni anthu a kumeneko akugwira ntchito yangayi. Wawo amautcha tuba, ndipo amautenga ku kokonati. Sadula mtima wa mtengo: amamanga phesi la maluwa lisanatseguke, amasenga nsonga yake m'mamawa ndi madzulo, madzi n'kumadonthera mu nsungwi. Mtengo umakhalabe moyo zaka ndi zaka. Pa zilumba za Leyte ndi Samar amathiramo khungwa la mtengo wa m'mphepete mwa nyanja limene limaufiiritsa ndi kuuchedwetsa kusasa, ndipo akausunga miyezi amautcha bahalina. Ku Quezon, pa chilumba cha Luzon, amamanga milatho ya nsungwi m'mwamba kuchoka pamtengo kufika pa unzake, ndipo amautcheza kukhala lambanog. Nawonso samwa popanda chakudya pambali, nsomba zina amazikonza ndi viniga wa tuba yemweyo, ndipo kapu imodzi imazungulira bwalo lonse monga chikho chathu.

Ndinaonera mpeni wa mmodzi mwa anthu a pa foni aja ndipo ndinauzindikira: kapendekedwe komweko, kudekha komweko. Anzathu a ku Mozambique, ku Quelimane ndi ku Inhambane, nawonso amatenga sura ku kokonati mwa njira yomweyo, mpaka kuphikira makeke. Chimene chinandikhudza n'chakuti ku Philippines chakumwa cha kumudzi amachiika patebulo la mlendo popanda manyazi, pamene kuno ena amaona uchema ngati chakumwa cha amphawi. Koma mphwangayo anandiuzanso za Disembala 2019, pamene anthu oposa khumi anafa ku Laguna ndi ku Quezon atamwa lambanog mmene munali poizoni wa methanol. Dyera likalowa m'chiwiya, kulikonse limapha, ndipo limaipitsa dzina la amisiri onse.

Ife mtengo wathu ndi mgwalangwa, ndipo kasemedwe kathu kamafika pafupi ndi mtima wake. Choncho udindo wathu ndi wolemera kuposa wa anzathu a kokonati. Elephant Marsh inalowa m'gulu la madambo otetezedwa a Ramsar mu 2017, ndipo pamisonkhano ya zachilengedwe timamva za nsomba, mbalame ndi mabango. Ndimafuna kuti migwalangwa izitchulidwanso. Pempho langa kwa mafumu athu ndi lakuti pakhale lamulo la m'mudzi: mtengo waukazi usasemedwe, pa tsinde limodzi pasemedwe mphukira imodzi, ndipo wofuna kuyamba ntchitoyi ayambe wayenda ndi wodziwa. Ng'ombe ndi moto wolusa zimathanso timitengo tating'ono, choncho tomera m'minda titchingidwe m'malo mozulidwa.

Pakali pano ndikuphunzitsa mdzukulu wa mlongo wanga. Amatsuka zipanda, amanola mpeni, amaluka tizipewa, ndipo amatola zipatso zakugwa n'kukazikwirira m'malire a munda, ngakhale zimachedwa kumera. Kusenga akudziwa kale, dzanja lake ndi lopepuka. Koma mtengo wakewake ndidzampatsa tsiku limene adzandiuze yekha, chipanda chikadali kudzaza, kuti, "Agogo, uwu tiusiye, wakwana."